Kamera ili padenga, koma ikuyang'ana yani?

Aliyense amene wayenda pa msewu wa M1 masiku ano, kuchokera pa Manjawira, kudutsa pa Kampepuza ndi pa boma pa Ntcheu mpaka kukafika ku Lizulu, akaponya maso m'mwamba m'makhonde a masitolo aona kanthu kena kachilendo. Kena n'kozungulira ngati chikho chovundikira, kamamatira kusiling'i. Kena n'kotalika ngati chitsononkho, kali pakhoma. Amenewo ndiwo makamera a CCTV, ndipo afika ndithu kuno kwa Angoni. Kale tinkangowaona kubanki ndi m'masitolo akulu-akulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Lero wa hadiweya ali nawo, wogulitsa feteleza ali nawo, ngakhale mnyamata wa Airtel Money ndi Mpamba amene ofesi yake ndi kakontena naye wakhoma kake.

Ndinene poyambirira kuti ine sindikudana nawo makamerawa. Munthu amene adachitapo geni amadziwa kuwawa kwa kudzuka m'mawa n'kupeza loko ali pansi, m'mashelefu mulibe kanthu. Chigwereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amalonda adaphunzira kuti katundu amene wabedwa lero sungamuodenso pa mtengo wa dzulo. Thumba limodzi la feteleza likasowa, phindu la matumba angapo lapita nalo. Tsono wamalonda akafuna diso lachitatu loonjezera pa awiri amene Chauta adampatsa, ndani angamunene? Changa ine ndi mafunso awiri amene ambiri sakudzifunsa asanakwere pamakwerero: kodi kachipangizoka kakuyang'ana yani, nanga amene akuona zomwe kakuonazo ndani?

Lowani m'masitolo angapo ndipo mutsatire kumene diso la kamera laloza. Mwa amene ine ndalowamo, ambiri sadailozetse pakhomo polowera anthu, kapena kuseri kumene kuli katundu wambiri. Aiika pamwamba peni-peni pa kauntala, kuyang'ana pansi pa dilowa ya ndalama ndi manja a mtsikana wogulitsa. Mwini sitolo ali ku Area 25 kapena ku Joni, akuonera zonse pafoni. Mtsikana wina wa m'golosale ina, dzina lake ndi malo ake ndisunga, adandiuza kuti tsiku lina masana, m'sitolo mulibe kasitomala ndi mmodzi yemwe, adakhala pansi kuti adye chimanga chootcha. Asanamalize mzere umodzi foni idalira, bwana akufunsa ngati amamulipira kuti azidya. Chiyambire tsiku limenelo amadyera kuseri kwa fuliji, pamene kamera siona.

Sindikunena kuti antchito onse ndi angelo, ayi. Alipo amene amabweza chenji chochepa, alipo amene amatulutsa sopo pazenera kupatsira achibale. Koma tiyeni tinene chilungamo, amalonda anzanga. Mu 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Kafunseni atsikana ndi anyamata a m'masitolo mwathumu kuti ndi angati amene adaiona ndalama imeneyo chaka chimenecho. Munthu ukumulipira ndalama yosakwana thumba la chimanga ndi lendi, kenaka n'kutenga ndalama yokwana malipiro ake a miyezi ingapo kugulira makina omuzonda. Ndipo chodabwitsa n'chakuti kamerayo pa ntchito imeneyi ndi yofooka. Idzakuonetsani dzanja likulowa m'dilowa n'kutuluka, chimene ndi ntchito ya dzanjalo tsiku lonse. Siingakuuzeni ngati ndalama yalowayo ndi yokwanira. Chimene chimagwira wantchito wosakhulupirika ndi buku la katundu ndi kuwerenga sitoko Loweruka lililonse, ntchito yotopetsa imene mabwana ambiri amaithawa.

Tsono tibwere ku ntchito yeni-yeni ya kukhoma, poti apa ndi pamene ndalama zambiri zikutayikira. Ine sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira, koma ndaperekezapo amisiri a zamagetsi kokwanira kuti ndidziwe kamera yogwira ntchito ndi yongokongoletsa khoma.

Cholakwika choyamba ndi msinkhu. Poopa kuti mbava ingaifikire, anthu amaikweza mpaka kudenga kweni-kweni, mamita anayi kapena asanu. Pamenepo kamera imaona zipewa ndi madazi. Tsiku la tsoka mudzapita kupolisi ndi kanema wa chipewa chofiira chikunyamula katoni ya mafuta ophikira, ndipo zipewa zofiira pa Ntcheu n'zosawerengeka. Kamera yofuna nkhope imakhala pa mamita awiri ndi theka kapena atatu, yopendekera pang'ono, pamalo pamene munthu wolowa sangachitire mwina koma kudutsa akuyang'ana komweko. Ikakhala yoti ione chipinda chonse, ndiye kuti aliyense aoneka wamng'ono. Ndi bwino imodzi ione malo opapatiza, pakhomo pokha, n'kugwira nkhope bwino-bwino, kusiyana n'kuti ione zonse koma osazindikira aliyense.

Palinso dzuwa. Msewu wathuwu umachokera kumwera kupita kumpoto, choncho masitolo ambiri a m'mbali mwake amayang'ana kum'mawa kapena kumadzulo. M'sitolo muli kamdima, panja pali kuwala kothobwa m'maso. Kamera yoyang'ana pakhomo kuchokera mkati imachita monga momwe diso lanu limachitira: munthu woima pakhomopo amangooneka chithunzithunzi chakuda. Mmisiri wabwino samaliza ntchito pa 11 koloko n'kulandira ndalama yake yonse. Amayesa m'mawa, amayesa dzuwa likupendeka, amayesanso usiku, ndipo pena amaisunthira pambali kuti igwire munthu atalowa kale n'kutembenukira kukauntala. Inu a sitolo, musamalize kulipira musanaone nkhope ya mwana wanu pa kanemayo nthawi zitatu zonsezo.

Kamera yozungulira ija ndi ya kusiling'i, koma siling'i yathu yambiri ndi bolodi lopyapyala limene limafufuma likamva chinyezi. Ma screw ayenera kulowa mu mtanda wa thabwa umene uli kuseri kwa bolodilo, apo ayi tsiku lina mudzaipeza ikulendewera pa waya. Kumene kulibe siling'i, musaigundike ku malata, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata kumafupikitsa moyo wa chipangizo chilichonse. Ya pakhoma nayo ili ndi zake. Nyumba zambiri za pa matiredingi senta athu n'zanjerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, pamwamba pulasitala wochepa. Ukabowola pa mpata wa pakati pa njerwa, pulagi imagwira dothi lokha-lokha ndipo mwana akhoza kuizula ndi dzanja limodzi. Bowo lilowe m'njerwa mweni-mweni.

Njerwa zomwezo zikundikumbutsa chinthu chimene aliyense amene adaberedwapo kuno amachidziwa. Mbava ya usiku siidzera pakhomo la kutsogolo pamene pali chitseko chachitsulo, maloko atatu ndi getsi. Imadzera kuseri. Imathira madzi pakhoma n'kumasolola njerwa imodzi-imodzi, kapena imakwera padenga n'kukanganula lata. Ngati ndalama yanu ikukwana makamera awiri okha, yachiwiriyo malo ake ndi kuchipinda chosungira katundu kapena kukhoma la kuseri, osati pamutu pa wogulitsa.

Usiku kamera imaona ndi timagetsi tofiira tozungulira diso lake. Mukaiika moyandikana kwambiri ndi khoma loyera kapena pansi peni-peni pa khonde, kuwalako kumabwerera n'kuithobwa yokha, kanema n'kungoyera mbee. Timagetsi tomweto timaitana tizilombo touluka, tizilombo n'kuitana akangaude, ndipo ulusi umodzi wa kangaude usiku umaoneka ngati chingwe cha ngolo. Ndiye onjezani nkhungu ya mu Juni ndi Julayi kumtunda ku Lizulu ndi ku Tsangano, ndi fumbi la tsiku la msika. Kamera imafuna kansalu ndi tsache sabata iliyonse, ntchito imene palibe amene amauzidwa kuti ndi yake.

Za waya ndingonena mwachidule. Makamera abwino a masiku ano amayendera waya mmodzi amene amanyamula magetsi ndi zithunzi zomwe, ndipo asapitirire mamita 100. Adutse m'paipi, poti makoswe a padenga sasiyanitsa waya ndi chinangwa, ndipo polumikizira pakhale m'kabokosi kosalowa mvula. Chachikulu ndi bokosi losunga kanema lija. Ndaliona kangapo litaikidwa poyera pa kauntala, pafupi ndi TV, kuti makasitomala aone kuti pano pali chitetezo. Mbava yochenjera imayamba kunyamula lomwelo, n'kukaligulitsanso. Libiseni, litsekereni, ndipo muonetsetse kuti wotchi yake ikunena tsiku ndi nthawi yoona. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act lidatsegula njira yoti umboni wa pamakina uzilandiridwa kukhothi, koma loya aliyense wogalamuka adzasangalala kuona kanema wa umbava wa dzulo atalembedwa chaka cha 2000.

Nanga magetsi? Tonse tikukumbukira za mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana adaononga damu la ku Kapichira, dziko n'kutaya pafupi-fupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mdima umenewo udatiphunzitsa kuti nthawi imene magetsi a ESCOM azima ndi yomweyo imene mbava imakonda. Kamera yodalira soketi yokha imagona pamodzi ndi mababu. Mwamwayi siidya zambiri: imodzi imafuna mawati pakati pa 5 ndi 10, monga babu laling'ono. Makamera anayi ndi bokosi lawo tinene kuti akudya mawati 50. Kwa maola 12 a usiku, batire imodzi yabwino ya 12V 100Ah ikhoza kuwasunga mpaka kucha, ikamatchajidwa mokwanira masana. Amene alibe ndalama ya batire ndi sola achepetse makamera, asachepetse batire.

Ndipo amene akukuuzani kuti muzionera sitolo yanu pafoni tsiku lonse muli ku Lilongwe sadakuwerengereni bandulo. Kamera imodzi yotumiza kanema wooneka bwino pa liwiro la mamegabiti awiri pa sekondi imatha magigabaiti oposa 21 pa tsiku limodzi. Pa mwezi ndi oposa 600. Kanema azisungidwa m'bokosi momwemo m'sitolo, pafoni muzingosuzumira mwa apo ndi apo.

Koma pomwe pali foni ndi intaneti ndi pamene pali funso langa lachiwiri lija. Kamera yolumikizidwa ku intaneti ili ngati zenera: inu mukuonera panja, wina akhoza kusuzumira mkati. Makamera ambiri otchipa amabwera ndi dzina ndi nambala yachinsinsi ya kufakitale, zonga admin ndi 12345, zimene zalembedwa m'kabuku kamene aliyense angakapeze. Mu 2014 dziko lidadzidzimuka ndi tsamba lina la pa intaneti lotchedwa Insecam, limene linkaonetsa poyera makamera oposa 70,000 a m'nyumba, m'masitolo ndi m'maofesi a m'maiko osiyana-siyana, eni ake osadziwa, chifukwa chongoti sadasinthe nambala ya kufakitale. Mu Okutobala 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai idalowa m'makamera ndi zipangizo zina zambiri-mbiri mwa njira yomweyo, n'kuzigwiritsa ntchito kugwetsa kampani ya Dyn ku America, moti Twitter ndi Netflix zidasokonekera kwa maola angapo.

Mwina mukuti za ku America zikutikhudza bwanji ife a mbatata ya kachewere. Chabwino, tisiye za kutali. Taganizani za mnyamata amene adakukhomerani kamerayo. Ndi iye adasankha nambala yachinsinsi. Poyesa ngati zikugwira ntchito, adailumikiza ku foni yake. Kodi pochoka adaichotsa? Mnyamata mmodzi akakhoma m'masitolo khumi pa tiredingi senta imodzi, m'thumba mwake muli maso khumi: akudziwa amene amatseka mochedwa, amene amabisa ndalama m'chitini cha mkaka, amene amapita kubanki Lolemba. Ambiri mwa anyamatawa ndi okhulupirika, ndipo ena ndi anzanga. Koma foni imabedwa, imabwerekedwa, imagulitsidwa. Mmisiri asanatsike pamakwerero, akuonetseni posinthira nambala, musinthe nokha iye atayang'ana kumbali, ndipo muone mndandanda wa mafoni amene alumikizidwa. Akakana kapena akayamba kuzungulira, mwadziwa munthu amene mwamulowetsa m'nyumba.

Chimene chikundiopsa koposa, komabe, si mbava kapena mmisiri. Ndi zimene ife eni ake timachita tikapeza kanemayo. Katundu akasowa, mwini sitolo amabweza kanema m'mbuyo, n'kuona munthu wovala jekete yakuda ataima pafupi ndi shelefu. Ola lisanathe chithunzicho chili m'magulu onse a WhatsApp a pa boma, pansi pake palembedwa kuti mbava iyi tiigwire. Chithunzi chake chosaoneka bwino, chojambulidwa kuchokera pamwamba, nkhope theka. M'dziko muno, momwe anthu akhala akumenyedwa ndi kuotchedwa pongokuwiziridwa kuti wakuba, kutumiza chithunzi chotere n'kusewera ndi moyo wa munthu. Majekete akuda a pa kaunjika amafanana. Amene agwidwe pa depoti madzulo ake akhoza kukhala mwana wa sukulu amene adangolowa kudzafunsa mtengo wa makope. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, chifukwa tonsefe timalowa m'masitolo ndipo tonsefe tikujambulidwa. Gawo 42 la Malamulo aakulu a dziko lino limati munthu ndi wosalakwa mpaka khothi litampeza wolakwa. Kanema malo ake ndi kupolisi, pa fulashi, mwini sitolo atasungako kope yake.

Malamulo omwewo, pa gawo 21, amapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi cha moyo wake. Mu 2024 kudabweranso lamulo la Data Protection Act, limene lidapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira momwe anthu ndi makampani amasungira ndi kugwiritsira ntchito mbiri ya anthu ena. Sindikuyembekeza kuti a MACRA afika pa Kampepuza mawa kudzayendera magolosale. Koma mzimu wa lamuloli ndi wosavuta kuumva ngakhale kwa munthu amene sadaliwerenge: ukamajambula anthu, adziwe kuti akujambulidwa, ujambule pa chifukwa chomveka, ndipo zimene wajambulazo usamwaze. Kachikwangwani kolembedwa m'Chichewa pakhomo, kakuti muno muli kamera, sikafika mtengo wa botolo la Fanta, ndipo kamathamangitsa akuba ambiri kuposa kamera yobisika. Wantchito auzidwe tsiku loyamba kuti kamera ili pati ndipo ikujambula mawu kapena ayi. Ya pakhonde isasuzumire m'mpanda mwa aneba. Ndipo kwa a maresitihausi, a masaluni ndi ogulitsa zovala: kuchipinda chogona, kubafa ndi koyesera zovala kulibe chifukwa chilichonse pansi pano chimene chingaloleze kamera. Wochita zimenezo si wamalonda wosamala katundu wake, ndi munthu wofunika kumangidwa.

Ena adzati ndikukulitsa nkhani yaing'ono. Ine ndidali mwana wosadziwa kanthu pa nthawi ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993, koma ndidakula ndi makolo amene ankatsitsa mawu akafuna kutchula dzina la munthu wamkulu, ngakhale ali m'nyumba mwawo zitseko zili zotseka. Anthu a kuno ku Ntcheu safuna kuphunzitsidwa za nthawi imeneyo. Albert Muwalo, mwana wa boma lino amene adali mlembi wamkulu wa chipani cha MCP, dzina lake linkanjenjemeretsa anthu pa nkhani ya kutsekera anthu ku Mikuyu popanda kuwazenga mlandu, ndipo mapeto ake iye mwini adanyongedwa mu 1977. Nthawi imeneyo ankati makoma ali ndi makutu, ndipo makutuwo adali anthu: a Special Branch, a Payoniya, mnzako wa kumowa. Zidatengera anthu olimba mtima kuti tichoke kumeneko. N'chifukwa chake zimandidabwitsa kuona momwe tikupatsira makoma maso mosaganizira n'komwe, ndi ndalama zathu zomwe, n'kusiya makiyi ake m'foni ya munthu amene sitidziwa ngakhale kwawo. Wa golosale si Special Branch, ndikudziwa. Koma chizolowezi choti kuzondedwa ndi chinthu wamba chimayambira pa zinthu zing'ono-zing'ono zoterezi, ndipo inu ana a sukulu amene mukuwerenga tsamba lino ndi amene mudzakhale nacho nthawi yaitali.

Ndimalize ndi munthu amene watayika pa nkhani yonseyi, mlonda. Ndamva amalonda angapo akunena kuti chiikireni makamera adachotsa mlonda, apulumutsa ndalama. Kamera siikuwa. Siiimba wenzulo, siithamangira kukadzutsa aneba kapena achitetezo a m'mudzi, siitsokomola pakona kuti amene akusolola njerwa adziwe kuti pali munthu. Imangolemba mwakachetechete momwe katundu wanu adachokera, kuti m'mawa muonere muli ndi tiyi m'manja. Pa Lizulu, pomwe msewu womwewo ndiwo malire a dziko lino ndi Mozambique, munthu akaoloka tala wafika kale m'dziko lina, ndipo kanema wanu wokongolayo sangamubweze. Chimene chingathandize pamalo otere n'chakuti masitolo asanu kapena asanu ndi limodzi a mzere umodzi asonkhe pamodzi: makamera awiri kutsogolo, awiri kukanjira ka kuseri, batire imodzi, ndi mlonda mmodzi wolipidwa bwino amene ali ndi kasikirini m'kanyumba kake ndi foni yokhala ndi mayunitsi. Nambala yachinsinsi isungidwe ndi anthu awiri osankhidwa ndi eni masitolowo, ndipo agwirizane polemba kuti kanema adzatuluka pokha-pokha apolisi akamufuna. Makomiti a misika ali kale ndi mabuku a zopereka za ukhondo ndi za maliro. Tsamba limodzi loonjezera likwana.